Galaja yoyeza mapampu a dizilo ku Biwi: ntchito yake pa injini za maboti

Ku Lilongwe kulibe nyanja, komabe mapampu oponya dizilo mu injini za maboti a ku Senga Bay, Chipoka ndi Nkhotakota amafika kuno kudzakonzedwa. Makina oyezera pampu, aja amisiri amati test bench, ndi odula kwambiri, choncho amapezeka m'tauni momwe muli malole, mathirakitala ndi majenereta ambiri. Mwini boti amamasula pampu, kuikulunga m'thumba, kukwera nayo minibasi pa msewu wa M14 makilomita pafupifupi 100 kuchoka ku Salima, n'kudzaisiya m'manja mwa amisiri amene mwina sanakwerepo boti. Ndemanga ino ndi ya galaja ina ya cha ku Biwi imene ntchito yake ndi mapampu ndi ma injector (timipope topopera dizilo m'masilinda) basi. Dzina lake sititchula, koma zimene tikunenazi mukhoza kuyezera nazo galaja iliyonse ya mtunduwu.

Maganizo athu ndi awa: pa ntchito ya pa benchi anthuwa ndi odalirika, ndipo pampu tingawapatse mtima uli m'malo. Pamene pamavuta ndi poti amangoona pampu, boti saliona, chonsecho matenda ambiri amene anthu amati ndi a pampu amakhala atatsala m'boti momwemo.

Mukafika, choyamba amayang'ana kachitsulo kolembedwa manambala kamene kali pa thupi la pampu. Pa pampu ya Bosch VE nambala imayamba ndi 0 460, ndipo pamakhalanso zilembo ngati VE 4/11, kutanthauza masilinda 4 ndi plunger (kachitsulo kokankha mafuta) ya mamilimita 11. Pa pampu ya CAV DPA, imene ili pa injini zambiri za Perkins 4.236, palinso nambala yake. Nambalayi ndiyo imawatsogolera ku pepala la miyezo ya pampu imeneyo: mafuta angati pa liwiro liti. Pampu imene kachitsuloka kanachoka kapena kanafufutika imawavuta, ndipo amanena poyera kuti adzaitchuna moyerekeza ndi ina yofanana nayo. Timakonda kuti sanamizira kudziwa.

Chachiwiri, chimene chimatichititsa kuwayamikira koposa, n'choti samasula pampu asanaiyeze. Amaitsuka kunja, kuimanga pa benchi, n'kuiyendetsa mwini wake ali pompo. Mafuta a m'benchi si dizilo wa pa filling station ayi, ndi mafuta oyezera a muyezo wa ISO 4113, otenthetsedwa kufika madigiri 40, chifukwa mafuta ozizira ndi okhuthala ndipo amabisa kutha kwa zitsulo. Kutsogolo kwa benchi kuli timachubu tagalasi tokhala ndi mizere, kamodzi pa silinda iliyonse. Makina amawerenga maulendo amene pampu yaponya mafuta, kenako n'kuima. Mukaona timachubu titatu tadzaza mofanana koma kachinayi katsalira m'munsi, simufunanso kufotokozeredwa. Amayeza pa liwiro la starter, pa idle (liwiro lotsika la injini ikangolira chabe), pa liwiro lonyamula katundu, ndi pamwamba penipeni pamene governor, yoyang'anira liwiro la injini, iyenera kudula mafuta. Kuyeza kwa pa liwiro la starter n'kofunika zedi pa mapampu ozungulira a VE ndi DPA, popeza head ndi rotor, zitsulo zogawira mafuta ku masilinda, zikadyeka ndi pamenepa pamene mafuta amathawira mkati, injini n'kumakana kulira ikatentha koma ikazizira n'kulira bwinobwino. Pampu ikapezeka kuti ilibe vuto amakuuzani choncho, n'kukulipiritsani ndalama yoyezera yokha. Ndi magalaja ochepa amene amabweza ntchito imene yabwera yokha pakhomo.

Amaumiriranso kuti ma injector abwere limodzi ndi pampu, ndipo akulondola. Amawayeza pa pop tester, kapampu kamanja kokhala ndi geji. Mmisiri amatsitsa chogwirira pang'onopang'ono, singano ya geji n'kumakwera, mpaka nozzle, nsonga ya injector, itatseguka ndi kaphokoso kakuthwa, mafuta n'kutuluka ngati nkhungu. Pa injini za Yanmar za GM iyenera kutseguka cha pa 170 kgf/cm². Akatero amagwira mphamvuyo pa bar 20 (bar imodzi ndi pafupifupi 1 kgf/cm²) kunsi kwa potsegukira kwa masekondi 10, ndipo kunsonga sikuyenera kugwa dontho. Nozzle yodontha kapena yothira mafuta ngati mtsinje imabweretsa utsi, kugogoda, ndipo ikakhalitsa imawotcha mutu wa piston. Amisiriwa salola munthu kuyandikiza dzanja pa nkhungu imeneyi, chifukwa imaboola khungu ndipo bala lake ndi lopita nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Pampu ikamasulidwa, zotha zonse amaziika m'kathireyi n'kukuonetsani. Zimene zimapezeka m'mapampu a kunyanja zimabwerezabwereza. Madzi amasiya timadontho ta dzimbiri pa plunger ndi pa cam ring imene imaikankha, makamaka boti likakhala miyezi losayenda. Fumbi ndi mchenga zimasiya mizere yotsika m'litali mwa plunger. Mpata wa pakati pa plunger ndi barrel yake, kachubu kamene imayendamo, ndi wa ma micron ochepa chabe, micron imodzi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, n'chifukwa chake ziwirizi zimagulidwa pamodzi ndipo sizisinthanitsidwa ndi za silinda ina. Pa DPA, kumbuyo kumene mafuta amalowera kuli kasefa kakang'ono pamodzi ndi regulating valve yosunga mphamvu ya mafuta, ndipo kawirikawiri kasefako kamatuluka katamatidwa ndi zonanda zakuda. Zonandazo ndi tizilombo timene timaswana m'thanki pamene madzi akumana ndi dizilo. Metering valve, valavu yoyeza mafuta opita ku masilinda, ikakakamira ndi zomatira zomwezo, injini imayamba kukwera ndi kutsika yokha, kapena kuzima mukangobweza throttle polowa padoko.

Dizilo wosakaniza ndi palafini amaononga mwa mtundu wina. Mapampu a VE ndi DPA alibe oyilo wawo, chimene chimafewetsa zitsulo zonse mkatimo ndi dizilo yemweyo. Palafini ndi wouma, choncho ma roller, cam ndi ma blade a transfer pump, kapampu kokoka mafuta mkati mwa pampuyo, amadyana, mkati mwa pampu n'kumapezeka tizitsulo tonyezimira. Mapampu a mzere, monga Bosch A ndi P, amapirirako pang'ono chifukwa cam yawo imayenda m'oyilo, koma ma plunger amathabe. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene dizilo amagulidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu, mapampu oterewa amachuluka pa benchi. Tizitsulo tikapezeka, amisiri a pa galajayi amalangiza kutsuka thanki, mapaipi ndi ma injector onse. Malangizowa ndi oona, kungoti amawanena pakamwa pokha munthu ali kale pachitseko.

Tsono musanalipire ulendo wa ku Lilongwe, pali zoyenera kuchita boti lili padoko, ndipo galajayi singakuchitireni.

Yambani ndi thanki. Tulutsani mafuta a pansi penipeni m'botolo loyera lagalasi, muliike pansi kwa kanthawi. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba, zonanda pakati. Injini imene imayenda bwino nyanja ili bata koma n'kumafooka kapena kuzima mwera ukaomba, nthawi zambiri vuto lake ndi matope a pansi pa thanki amene mafunde avundula n'kutseka fyuluta, kapena thanki ili ndi mafuta ochepa ndipo paipi yokoka ikumeza mpweya boti likapendekeka. Onaninso kapaipi kopumira thanki, kamene mavu amakonda kumangamo. Injini ikafooka itayenda kwa kanthawi, tsegulani chivundikiro cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu ndipo injini n'kutsitsimuka, pampu ilibe mlandu.

Njira yachangu yolekanitsira zinthu ndi ya chigubu. Thirani dizilo woyera m'chigubu chotsuka bwino, mulowetsemo paipi yatsopano yopita ku lift pump, kapampu kokoka mafuta kuchokera m'thanki, ndipo paipi yobweza mafuta mubwezerenso m'chigubumo. Injini ikayenda bwino, vuto lili pakati pa thanki ndi lift pump. Kachidutswa ka paipi yoonekera mkati, koikidwa kwa kanthawi pafupi ndi polowera mafuta m'pampu, kamaonetsa thovu ngati mpweya ukulowa. Mbali yokoka mafuta imatha kulowetsa mpweya popanda kudontha ngakhale pang'ono, ndiye musamafune malo onyowa okha. Pa fyuluta yodziwika ija ya CAV 296, mphira wapamwamba uyenera kulowa mumsewu wake m'mutu wa fyuluta. Ukangoyalidwa pamwamba pa element, kasefa ka mkati mwa fyuluta, umatseka njira ya mafuta kapena kulowetsa mpweya, ndipo mapampu abwinobwino amamasulidwa chifukwa cha kamphira kameneka.

Lift pump ya diaphragm ili ndi kachogwirira kopopera ndi dzanja. Kakamayenda mopepuka osatulutsa mafuta, mwina cam yaima pamwamba; zungulizani injini ulendo umodzi muyesenso. Potulutsa mpweya yambani pa fyuluta, kenako timabawuti ta pa pampu, pa DPA tilipo tiwiri, kena pa thupi kena pa chivundikiro cha governor, mpaka mafuta atuluke opanda thovu. Pomaliza masulani pang'ono manati a mapaipi pa ma injector, throttle ili yotsegula, n'kuzunguliza ndi starter. Apa pali ngozi imene amisiri a m'tauni sangakukumbutseni. Pa boti limene madzi oziziritsa injini amatulukira mu exhaust, kuzunguliza starter nthawi yaitali injini isakulira kumadzaza madzi mu exhaust mpaka abwerere m'masilinda. Tsekani valavu yolowetsa madzi a m'nyanja pamene mukuzunguliza, n'kuitsegula injini ikangolira. Starter nayo muziipumitsa.

Pa VE palinso solenoid yozimitsira injini, imene imafuna magetsi kuti mafuta adutse. Waya wake akachita dzimbiri ndi chinyezi cha m'boti, injini imazungulira koma osalira. Munthu wina atembenuze kiyi, inu mutchere khutu pa solenoid kuti mumve kakuti "tha", ndipo muyeze ngati pakufika ma volt 12 kapena 24 malinga ndi boti lanu. Pa injini zozimitsa ndi chingwe, onani ngati kachitsulo ka pa pampu kabwereradi m'malo mwake.

Injini ikamanjenjemera ngati silinda ina sikugwira, isiyeni pa idle, mumasule nati ya injector imodzi imodzi mutaphimba ndi nsanza. Silinda imene mwamasula koma kulira kwa injini osasintha ndiyo yakufa. Sinthanitsani injector yake ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka limodzi ndi injector, mwalipeza. Likatsala pa silinda yomweyo, yezani compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda, musanaloze chala pampu. Njirayi ndi ya injini za pampu ya makina zokha. Pa injini zoyendetsedwa ndi kompyuta za common rail mphamvu ya mafuta imapitirira bar 1,000 kutalitali, ndipo paipi simasulidwa injini ikulira.

Utsi nawo umasocheretsa anthu. Wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya, ndipo pa boti chifukwa chake choyamba ndi katundu: chingwe kapena ukonde wakulunga pa propeller, pansi pa boti pamera ndere zambiri, propeller yaikulu mopitirira injini, kapena pokokera mpweya patsekeka. Yesani motere: giya ili pa neutral, injini ifike pa liwiro lake lonse, kenako muyese boti likuyenda. Yanmar 3GM30, mwachitsanzo, inapangidwa kuti ifike 3,600 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi), ndipo yoyendera nthawi yaitali ndi 3,400. Ikafika pa neutral koma pa giya n'kukanika uku ikufuka utsi wakuda, funani cholemetsa. Ikakanika popanda utsi, mafuta ndiwo sakufika okwanira. Utsi woyera wonunkha dizilo ndi mafuta osapsa, kuchokera ku timing (nthawi yoponyera mafuta) yochedwa, compression yochepa kapena nozzle yoipa. Wabuluu ndi oyilo. Oyilo akamakwera pa dipstick n'kumanunkha dizilo, onani diaphragm ya lift pump kaye, kenako seal ya pa shaft ya pampu, ndipo injini yotere isayende, chifukwa ikhoza kuyamba kudya oyilo wake womwe n'kuthamanga osazimitsika. Zikatero tsekani pokokera mpweya ndi kathabwa, osati ndi chikhatho.

Zonsezi zikatheka ndipo chala chikulozabe pampu, imasuleni mwadongosolo. Ikani silinda yoyamba pa TDC ya compression, piston ili pamwamba penipeni, lembani mzere ndi chitsulo chakuthwa podutsa pa flange ya pampu ndi pa injini, ndipo musazungulizenso injini. Pomasula mapaipi gwiritsani masipanala awiri, ina igwire delivery valve holder, nati ya pa pampu pomwe paipi imamangidwa, kuti isatembenuke. Mapaipiwo musawapinde. Pa mapampu okhala ndi kakiyi pa shaft, samalani kasagwere mu timing case. Pa Yanmar GM pansi pa pampu pali ma shim, timapepala tachitsulo, amene ndiwo timing yake, ndipo shim ya 0.1 mm imasuntha timing ndi digiri pafupifupi imodzi, ndiye asungeni onse monga munawapezera. Mabowo onse atsekeni ndi pulasitiki yoyera, osati thonje kapena nsanza yothothoka.

Zofooka za galajayi zimayambira pamenepa. Anazolowera malole ndi mathirakitala, moti funso loti injini imagwira ntchito yanji salifunsa nthawi zonse. Nenani nokha kuti ndi ya boti. Eni maboti ena amaika injini zochokera m'malole, ndipo ina mwa mapampu amenewa ili ndi governor ya mtundu wa RQ, imene imangoyang'anira idle ndi liwiro lapamwamba, pakati ponse n'kusiyira phazi la dalaivala. Boti limafuna governor yogwira liwiro lililonse limene mwaika, monga RSV. Popanda imeneyi, propeller ikatuluka m'madzi pa funde injini imakuwa mpaka kumapeto, ikamiranso n'kugwa. Amisiriwa nkhaniyi amaidziwa mukaiyambitsa, koma ikanakhala pa mafunso awo oyamba.

Pepala la zotsatira za pa benchi amapereka mukapempha. Lipempheni, likhale ndi manambala a pampu isanakonzedwe ndi itakonzedwa. Popanda pepalali, injini ikavutanso mudzangokangana pakamwa. Mawachala atsopano a kopa a mabawuti a banjo omangira mapaipi a mafuta ndi a pansi pa ma injector nawonso saika okha m'phukusi, pamene kunyanja ndi osowa. Wachala wakale amakhala atauma ndipo amalowetsa mpweya. Gulani ochulukirapo muli m'tauni momwemo, pamodzi ndi ma element a fyuluta.

Nkhani ya masipeya ndi yovuta dziko lonse. Zonse zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo simakhazikika, choncho mtengo umene akuuzani lero muulembetse pamodzi ndi masiku amene udzagwire ntchito. Ma seal kit, ma nozzle ndi ma blade a Bosch, CAV ndi Zexel amapezeka msanga chifukwa ndi omwewo a m'magalimoto ndi m'mathirakitala. Za Yanmar ndi Volvo Penta za m'madzi zimachita kuitanitsidwa, boti n'kukhala padoko nsomba zikupita. Chimene timawayamikira n'choti amakuikirani patebulo chenicheni ndi chotsika mtengo, n'kunena kusiyana kwake, osati kuika chotchipa n'kulipiritsa cha chenicheni. Pa ma seal, chotsika mtengo chabwino chikhoza kugwira. Pa head ndi rotor, pa plunger ndi pa nozzle za boti lopita pakati pa nyanja ndi anthu, ife timati gulani chenicheni, chifukwa injini ikazima kumeneko palibe pokocheza.

Chinanso chowayamikira: amakana kutsegula bawuti ya mafuta mopitirira muyezo. Eni maboti ena amapempha kuti awonjezereko mphamvu. Mafuta owonjezera popanda mpweya wowonjezera amangosanduka utsi ndi kutentha, ndipo injini ya boti imakhala ikukoka katundu maola ambiri osapuma. Akamaliza amamanga mabawuti otchunira ndi kawaya kapena kuwapaka utoto, ndipo chizindikirocho chikasokonezedwa chitsimikizo chawo chathera pomwepo. Madzi kapena palafini zikapezekanso mkati, chitsimikizo palibenso. Ena amadandaula nazo, koma ife tikuona kuti n'zachilungamo. Kubwezera pampu yokonzedwa pa thanki yamatope kuli ngati kusamba n'kuvalanso zovala zomwe zija za kudimba.

Kunyanja sapita kukamanga pampu pokhapokha mutagwirizana mwapadera ndi kulipira ulendo, ndiye timing imatsalira makaniko wa padoko. Mzere uja munalemba umangokufikitsani pafupi. Pa VE timing yeniyeni imafuna dial gauge yolowetsa pa kabawuti ka pakati pa head, kumbuyo pakati pa mapaipi, n'kuwerenga mamilimita amene plunger yakwera silinda yoyamba ili pa TDC, molingana ndi buku la injiniyo. Pa mapampu a mzere ndi pa Yanmar amagwiritsa ntchito spill timing, njira yoyang'ana kutuluka kwa mafuta pa pampu injini ikuzunguliridwa ndi dzanja. Timing ikatsogola injini imagogoda, ikachedwa imavuta kulira, imafuka utsi woyera ndi kutentha. Funsani amisiriwo akulembereni nambala ya timing pa lisiti musanachoke. Pa VE yang'aniraninso mabawuti awiri a banjo: yobweza mafuta inalembedwa OUT ndipo ili ndi kabowo kakang'ono kwambiri. Ikaikidwa kolowera mafuta injini imalira pa idle koma mphamvu osaoneka, ndipo mwini boti amaimba foni ku Lilongwe mokalipa pampu ili bwinobwino.

Ndalama ikatsalako, igulireni fyuluta yolekanitsa madzi yoika pakati pa thanki ndi lift pump. Racor 500FG imakwanira injini zambiri za maboti apakati. Ma element ake ali ndi mitundu: yofiira ndi ya ma micron 30, yabuluu 10, yabulawuni 2. Pa fyuluta yoyamba ikani 30 kapena 10, kusefa kosalala kusiyire fyuluta ya pa injini, chifukwa ya 2 imatsekeka msanga ndi dizilo wa m'zigubu. Zongofanizira za Racor zilipo zambiri pamsika, ndiye yang'anitsitsani element ndi mphira zake musanalipire. Madzi a m'kambale kapansi muziwatulutsa m'mawa uliwonse musanalize injini, ndipo pampu yobwera kuchokera ku benchi ilire koyamba ndi mafuta a m'chigubu choyera mpaka thanki itatsukidwa.